Seva Nambala 23

Namawaya anakumana ndi Matayi tsiku lake loyamba pantchito, pakhomo la ofesi. Dzina loti Namawaya anampatsa ndi anzake, chifukwa m'chikwama mwake simusowa waya. Matayi naye, tsiku lililonse tayi wina, ngati akukakwatitsa munthu!

"Mukulowera kuti, chiphadzuwa?"

"Kumaseva," anayankha osamuyang'ana n'komwe.

Koma mtima, abale inu! Miyezi iwiri isanathe anali kale "shuga wanga". Anauzana zonse, mpaka pasiwedi ya kuntchito. Eee, pasiwedi! "Ngati umandikonda, undibisiranji?" ankatero Matayi.

Kenako bwana anapatsa Namawaya ntchito yaikulu: kuika pulogalamu yoteteza pa maseva onse makumi anayi a kampani, makompyuta akuluakulu osunga mafayilo. Pulogalamuyo imagwira mavairasi, komanso imaulula aliyense wotulutsa mafayilo mozemba. Mtsikanayu sanavutike n'kuyendera seva imodziimodzi ayi. Analemba malamulo mufayilo imodzi n'kupatsa chida chomwe chimazungulira maseva onse pakatha theka la ola lililonse. Chikapeza kuti wina wachotsa pulogalamuyo, chimaibwezera pompo.

"Zikalakwika, dzina ndi lako," bwana anamuchenjeza.

Masana omwewo foni inalira, meseji ya Matayi: "Shuga wanga, seva 23 uichotse pamndandanda. Kapulogalamu kakoko kakundichedwetsera ntchito. Loweruka tikasankhe mphete, ndalumbira."

Mphete! Ndani sangasungunuke? Chala chinafika ndithu pakiyibodi, koma chinabwerera. Anangoyankha kuti, "Ndiona, wapamtima." Sanachotse.

M'mawa mwake anatsegula lipoti la chida chija. Pa seva 23 wina anachotsa pulogalamu ija kasanu, chida n'kuibwezera kasanunso. Itabwerera komaliza, inagwira mafayilo a makasitomala akutuluka kunja kwa kampani. Wotumiza? Dzina la Namawaya! Ndipo limodzi ndi mafayilowo munali kakalata: "Mayi wa ana anga, nawu mndandanda wina wa kampani yathu yatsopano. Kamawaya kaja sikakudziwa kanthu."

Kamawaya? Iyeyo? Ndiye mphete ija inali nyambo basi?

Anakamupeza Matayi kukhitchini ya ofesi akutakasa tiyi.

"Mayi wa ana ako ndi ndani?"

Supuni inagwa. "Shuga, tsitsa mawu."

"Shuga ali m'kapumo! Ine ndikufunsa funso."

"Ndikufotokozera, wapamtima. Ndi nkhani yaitali..."

"Yaitali bwanji? Ine ndaiwerenga, ndi mizere iwiri yokha."

Apa nkhope ya Matayi inasintha, kukoma konse kuja kunathawa. Anamuyandikira n'kunong'ona: "Fufuta lipotilo. Dzina lili pamenepo ndi lako, osati langa. Ukalankhula, achotsa iwe. Upita kuti? Amayi ako uwauza chiyani?"

Misozi inalengeza, koma Namawaya anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja isanagwe.

"Andichotse! Pasiwedi ndinapereka ndine, ndikavomera ndi pakamwa pangapa. Koma kufufuta? Iwe wandipusitsa kamodzi, sindidzipusitsanso ndekha."

"Palibe akukhulupirire."

"Sakufunika kukhulupirira ine. Lipoti likusonyezanso laputopu yomwe inatumiza. Ndi ya yani, bambo a ana?"

Matayi anasendera pafupi. Anayesa kumugwira dzanja.

"Usandikhudze!"

Namawaya anatuluka, nsapato zikulira gwa gwa gwa m'khonde monse. Anthu anasuzumira pamwamba pa makompyuta awo, ena mpaka kuvula mahedifoni. Foni yake inalira kawiri, katatu: "Chonde mtima wanga, tikambirane." Sanaitulutse n'komwe m'thumba.

Anagogoda mwamphamvu pachitseko cha bwana.

"Lowani!"

Anaika laputopu patebulo, lipoti lili poyera.

"Bwana, ndabwera kudzadzinenera ndekha. Ndinapatsa munthu pasiwedi yanga, chilango changa ndichilandira. Koma ndisanayambe kufotokoza, imbirani alonda atseke geti. Mnzathu wina wayamba kale kulongedza."