Manja M'thumba, Ljubinka

Madzulo amenewo Ljubinka anatsuka mbale imodzi ndi supuni imodzi, n'kukhala pa kompyuta ya malemu mwamuna wake. Radovan anagwira ntchito yoyeza madzi a mtsinje wa Danube moyo wake wonse, ndipo manambala onse anawaunjika m'fayilo imodzi. Zosunga ina yapadera ankangoti mawa. Mawa lakelo linamupeza ali kumanda.

Anzake a Radovan akuntchito anapempha fayiloyo, koma Ljubinka anafuna ayambe wakonza mayina a madoko amene bamboyo ankalemba mwachidule. Inali chimtolo cha fayilo, moti pulogalamu yolembera inkachita kubuula poitsegula. Anakonza mpaka usiku, n'kudina kuti isunge.

Zonse zinauma gwa. Kamuvi ka pa kompyutapo sikanasunthenso.

Ljubinka ndi munthu waphuma, ndipo Radovan ankamudziwa bwino. "Ikamasunga, manja m'thumba, mayi," ankatero. "Ukaizimitsa pakati utsala ndi mutu wokha, miyendo yapita. Pita ukatereke khofi."

Anadikira. Basi yomaliza inadutsa kumsewu. Mapaipi otenthetsa nyumba analeka kulira. Anachita mantha kuti thukuta lonse la mwamuna wake lafera m'manja mwake, ndipo manthawo anasanduka ukali.

"Chinthu chouma mutu ngati mwini wake," anatero, chala chikupita pa batani lozimitsira.

Kanthu kena kanamugwira pamkono.

Linali dzanja. Lozizira, koma losafinya. Chala chachikulu chinkasisita pafupa pang'onopang'ono, mmene Radovan ankachitira m'tchalitchi mkazi wake akafuna kukalipira ana a eni.

Sanatembenuke. Kukhitchini kunamveka kasupuni kakugunda m'kapoto. Kenaka fungo la khofi linalowa.

"Rade," ananong'ona dzina lomwe ankamuitanira Radovan, "ngakhale kumeneko sunasiye kundilamulira?"

Dzanja silinachoke. Anakhala choncho, misozi ili chuchuchu, atamusowa munthuyo kuposa tsiku la maliro. Tambala wa kutsidya atalira, kompyuta inaphethira. Fayilo inali itasungika. Anatsika nayo mpaka pansi, ndipo mzere womaliza unalipo, muyezo wa tsiku limene bamboyo anagonekedwa m'chipatala. Pamkono panalibenso kanthu.

M'mawa anafotokozera Smilja wa khomo loyandikana. Smilja anachita chizindikiro cha mtanda, n'kutsitsa mawu.

"Masiku makumi anayi sanakwane chimwalirireni amuna anu, anzanga. Mzimu umakhala ukuyendera malo ake. Amuna a ena amapita kumunda wa mpesa, anuwo kukompyuta."

"Nanga khofi uja? Ndapeza kapoto kakadali kotentha. Kapu imodzi patebulo, shuga wake tho."

"Iwo aja ankamwa wa shuga?"

"Olo pang'ono. Ankati shuga ndi wa ana ndi ine."

"Ndiye anatereka wanu." Smilja anamuyang'anitsitsa. "Musandiuze kuti mwamwa."

"Ndamwa," anatero Ljubinka, akupukuta m'maso. "Apsereza khofiyo ngati kale."