Madzi Amadya Chofiira

Njinga ya a Lekani idapezeka itatsamira mkuyu m'mbali mwa dziwe lakuya la mtsinje wotsika m'phiri la Michesi, dengu la matemba lili chimangire pakaliyala. Chomwe chidazizimutsa anthu n'chakuti agalu sadalinunkhize dengulo, ngakhale nyerere zinkalilambalala. Mwini njingayo, yemwe ankapikula nsomba ku Chilwa n'kumakagulitsa pa Migowi, sadaonekenso.

Amuna odziwa kusambira adalowa m'dziwemo koma pansi sadafikepo. Kenaka mphekesera zidayamba. Ena ankati bamboyo adaterereka posamba, ena ankati adamuona pamsika wa ku Milanje ali ndi mkazi wina, atavala juzi yofiira ija yomwe mkazi wake Belita adamulukira. Achibale adakana kulira maliro opanda mtembo. Motero Belita adatsala m'malere, wamasiye ayi, wapabanja ayi, ndipo ankachita manyazi ndi pemphero lake, chifukwa ankapempha kuti mwamunayo akhale ali m'madzimo.

Pa Migowi padali a Kaliati, ojambula zithunzi za maukwati, omwe kale adagwirako ntchito ndi anthu ofufuza za nsomba ku Mangochi. Adabwerako ndi kabokosi kosalowa madzi koikamo kamera.

"Mayi, mukufuna ndijambule chiyani kwenikweni?" adafunsa a Kaliati.

"Amuna anga. Kapena malo opanda amuna anga. Chilichonse chomwe chilimo."

Ulendo woyamba adapita masana. A Kaliati adamangirira kabokosiko kunsonga kwa nsungwi, n'kutchera kamera kuti izijambula yokha, kenaka adamiza nsungwiyo pang'onopang'ono. Filimu idapita ku Limbe pa minibasi, ndipo zithunzi zitabwera zonse zidali zobiriwira ngati ndere, pansi pake pali chinthu chakuda chonga mwala.

"Si iwowo," adatero Belita. "Juzi yawo ndi yofiira."

"Madzi ali ndi njala yakeyake, mayi. Amayamba kudya chofiira, kenaka chachikasu, n'kutsala ndi zobiriwira. Mutacheka chala pansipo, magazi angatuluke akuda."

Adatulutsa m'thumba kagalasi kofiira, kakakulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Adati kakaikidwa pamaso pa kamera kamatsekereza kubiriwira kuja, chofiira n'kubwererako pang'ono. Ulendo wachiwiri adapita dzuwa lili paliombo. Zithunzi zake zidatuluka zakatondo, ndipo chinthu chija chidaoneka chofiirira, chokhala ndi mapewa, ngati munthu wokhala tsonga atakumbatira maondo. Chidali chitasunthanso, pakuti tsopano chidali pafupi ndi mizu ya mkuyu.

Kuyambira pamenepo Belita ankapita padziwepo tsiku lililonse chisisira chikamagwa, n'kumaima pamwala wa m'mphepete, atamanga duku wofiira kuti mwamuna wake amuzindikire. Achule a pamenepo adali atasiya kulira. Chomwe ankamva n'kaphokoso kochokera pansi, kwee, kwee, konga ka munthu wokoka phazi pamchenga, ndipo akatsokomola nako kankaleka.

Mlamu wake, a Gertrude, adamutsatira tsiku lina n'kumunong'oneza: "Alamu, anthu akuti mwazungulira mutu. Achimwene ali moyo ku Milanje, akudya za wina. Inu mukudikira mwala?"

"Mwala umayenda?" adafunsa Belita. A Gertrude adangokoka mpango wawo n'kubwerera.

Ulendo wachitatu a Kaliati adati apite kutada, ndi tochi yotsekeredwa m'botolo. Kagalasi kaja adakachotsa, ati pa kuwala kwa tochi kangafiiritse chilichonse, mwala ndi munthu osasiyana. Tochi imabweza mitundu yeniyeni, koma pafupi pokha, potalika ngati mkono. Nsungwi idalowa m'madzi, kuwala kudatsika ngati mwezi wodwala, tizinyalala tikuyandama mozungulira. Isadafike n'komwe theka, nsungwiyo idalemera. A Kaliati adaponda mwamphamvu, mitsempha ya m'khosi ili njo, kenaka kuwala kudazima, nsungwi n'kupepuka.

"Yakodwa mumizu," adanong'ona, koma adalongedza katundu wawo osayang'ananso kumadzi.

Zithunzi zitabwera sadatume uthenga, mpaka Belita adachita kuwalondola kukanyumba kawo kojambulira. Adamupatsa chimodzi chokha. Chidadzaza ndi juzi yofiira ya psuu, ulusi uliwonse ukuoneka, ngakhale pamkono pomwe ulusi udamuthera Belita poluka n'kumalizira ndi wina wotuwirako.

"Pamene ndinajambulapa m'pamwamba, mayi," adatero a Kaliati motsitsa mawu. "Pansi pali kutali. Anachita kukwera."

"Nanga nkhope?"

"Chithunzi chimenecho ndinatentha."

"Mwatentha amuna anga?"

"Maso anali otsegula. Sankayang'ana tochi ayi. Ankayang'ana kumtunda, uku ndi uku, ngati munthu wofuna wina pamsika."

Belita adagwira duku wake. Nthawi yonseyi ankaima pamwala paja atavala chofiira, osaganiza kuti kwa munthu wapansi iye adali chithunzithunzi chakuda, chosasiyana ndi tsinde la mkuyu.

Achibale ataona chithunzicho adati juzi si mtembo, ndipo ena adati a Kaliati adachita kumiza juzi ina kuti adyerepo. Sabata lomwelo wamalonda wina adalumbira kuti adamwa tiyi ndi a Lekani ku Milanje. A Kaliati adakana kubwereranso kudziweko, koma Belita atawapempha kagalasi kaja adamupatsa osafunsa chifukwa.

Madzulo ake adaima pamwala, adakonza duku, n'kuponya kagalasiko m'madzi. Kadatsika mopendekapendeka, kakuda pang'onopang'ono mpaka kuzimirira.

"Bambo a Lenia," adaitana motsitsa, "ikani pamaso. Ndine. Ngati muli momwemo ndiyang'aneni, ndikauze ana zoona."

Kaphokoso kaja kadaleka. Adadikira mpaka miyendo idachita dzanzi, koma madzi adali zii.

M'mawa, potsegula chitseko kuti akasese, adapeza kagalasiko pakhonde, kali m'kathawale ka madzi ozizira. Padalibe mapazi obwera kapena obwerera. Belita adakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja. Sadadziwe ngati mwamunayo adamuona n'kumulondola, kapena adamuona n'kumukana. Mwana wake Lenia adatuluka akutikita maso n'kufunsa ngati lero alira maliro a bambo ake.

"Ayi," adayankha Belita. "Kabweretse chiguduli, tipukute apa."