Masamba Odwala pa Nazale ya Mpunga

M'mawa wina mayi wina wamasiye anapeza masamba a mpunga odwala chiwawu, amawanga otuwa ngati timaso, atamwazidwa pa nazale yake kuseri kwa nyumba. Anali odulidwa ndi mpeni, ndipo mphepo siyenda ndi mpeni.

Mbandezo sizinali wamba. Malemu mwamuna wake anakwatitsa mpunga wonunkhira, umene chiwawu chimaupsereza chaka chilichonse, ndi wina wofiira, wosakoma koma wosadwala. Anamwalira asanaone zidzukulu za mbewuyo, ndipo yonse yotsala inali pa nazale yomweyo. Alamu ake, ang'ono a malemu, ankalifuna dimba limene panali nazaleyo. Anthu ankanong'ona kuti wakufa akulondola mbewu yake.

Masamba ankawonjezeka m'mawa uliwonse. Kenako anayamba kupeza mbande zodwala zitazulidwa, zitamangidwa timitolo, mfundo yake yopotokera kumanzere monga ankamangira malemu. Usiku achule ankalira n'kungoti zii onse pamodzi, ndipo m'mdimamo munkamveka phazi likuzuka m'matope pang'onopang'ono.

Mantha anali nawo ndithu, koma mkwiyo unaposa. Anakabisala m'ngalande tochi ili m'manja, mpaka chinthu chakuda chinafika n'kuyamba kumwaza.

Anayatsa. "Alamu! Mwataya chiyani m'matope mwangamu?"

Alamuwo anaima, thumba la masamba lili pamimba. "Ndimati zikafa zonsezi mupita kwanu," ananong'ona.

"Kwathu n'kuno. Ndipo zikomo kwambiri. Akulu anu ankachita zomwezi, kuthira matenda dala kuti yofooka ife, yotengera kulimba kwa kholo lake itsale. Mwandigwirira ntchito yaulere, mpaka kundizulira zodwala."

"Kuzula?" Alamuwo anafunsa. "Ine ndimangomwaza n'kuthawa. Ndimayesa ndinu mumawerama kumapeto uko masiku onsewa."

Mayiyo anatembenuza tochi. Kumapetoko kunalibe munthu, koma madzi anali akugwedezekabe, ndipo pamtunda panali kamtolo katsopano, mizu ikudontha.

Alamu anataya thumba n'kuliyatsa liwiro. Mayiyo sanasunthe. Anatola thumbalo, namwaza yekha masamba otsalawo pa mbande zonse, kenako anazimitsa tochi.

"Bambo a ana," anatero akuyang'ana mumdima, "zulani bwino. Zolimbazo mundisiyire, ine pano sindichoka."