Phewa la Lucius Brantley

Mu Seputembala 1957, Odessa Merriwether ankasoka majezi a timu ya mpira wa ku America, woponya ndi manja, ya koleji ya Pinckard, m'kachipinda kotentha kuseri kwa bwalo. Timuyo inali itatha zaka zisanu ikungokwapulidwa, moti anthu a m'tauni yawo ya ku Alabama ankati imapita kubwalo kukaperekeza anzawo.

Tsiku lina munalowa mnyamata wamtali, chisoti chili m'khwapa, jezi itang'ambika mpaka pamchombo.

"Achemwali, akuti muno muli dokotala wa majezi. Wodwala wanga ndi uyu."

"Wodwala wanuyo watisiya kale, achimwene. Mumalimbana ndi ng'ombe?"

"Ndi anzanga, pokonzekera. Ndine Lucius Brantley, woponya mpira watsopano. Chaka chino sitigonja, mudzaona."

Odessa anaseka mpaka singano inagwa. Sitigonja? Pinckard yomweyi?

Koma Loweruka loyamba anapambana. Loweruka lachiwiri anapambananso! Lucius anayamba kusiya timakalata m'majezi opita kosokedwa.

"Duwa langa, lero ndaponya katatu, ndipo katatu konse ndimaona nkhope yako kumapeto kwa bwalo."

Odessa anayankha: "Uzionanso zimphona zikukuthamangirazo, dale. Ndikukufuna wathunthu."

Atapambana kasanu, tauni yonse inapenga. Ometa tsitsi ankameta osewera ulere, amayi ankatumiza makeke a mbatata otchedwa mapayi, abusa ankatchula timuyo m'pemphero. Lucius anagwira dzanja la Odessa pansi pa mtengo wa thundu n'kulonjeza kuti, "Mtima wanga, kaya kugwe chiyani, ine sindidzakufulatira."

Pa masewero achisanu ndi chimodzi, zimphona zitatu zinamugwera pamodzi. Anadzuka akumwetulira, timu n'kupambana. Lolemba anabwera kwa Odessa akuyang'ana uku ndi uku.

"Undisokere nsalu yochindikala m'kati mwa jezi, paphewa lakumanjali."

"Vula ndione."

Analephera kukweza mkono. Odessa atamuthandiza, anagwira pakamwa. Phewa linali litatupa, litada bii!

"Usauze munthu, switi. Kwatsala masewero atatu okha."

Odessa anakumbukira bambo ake, amene anavulala phewa kocheka matabwa n'kupirira osapita kuchipatala. Mpaka lero mkono wawo unkangolendewera. Kodi akhale chete? Kodi chikondi n'kusunga chinsinsi, kapena kusunga munthu?

Lachinayi anagogoda kwa Bambo Hargrove, mphunzitsi wa timu, n'kuwaululira zonse. Dokotala anapeza kuti fupa lang'aluka, ndipo Lucius akanangogundidwanso kamodzi, mkonowo ukanapuwala.

Madzulo ake Lucius anakankha chitseko, mkono uli m'nsalu yokolekera m'khosi.

"Wandigulitsa, Odessa! Ndinakuuza iwe wekha!"

"Ndasankha mkono wako, Lucius."

"Anakutuma ndani kundisankhira? Usandilemberenso!"

Anatuluka osacheuka. Odessa analira mpaka nsalu inanyowa. Lonjezo lija linali la m'kamwa chabe?

M'tauni ankamuloza chala. "Ndi ameneyo watithyolera woponya wathu." Iye ankangoweramutsa mutu n'kupitirira, ndipo Loweruka lililonse ankakhala pamalo pake kubwalo.

Timu sinafooke. Cleophus Tate, amene chaka chonse ankangotenthetsa benchi, anatenga malo a Lucius. Lucius ankayima m'mphepete mwa bwalo akukuwa mpaka mawu kusasa: "Ponya tsopano, Cleo! Ukudikira kalata?" Anapambana kachisanu ndi chiwiri movutikira, kachisanu ndi chitatu ndi pointi imodzi yokha.

Masewero otsiriza anali olimbirana chikho ndi koleji ya Calloway. Anthu anadzaza bwalo, ena anakwera pamadenga a magalimoto. Kutatsala masekondi ochepa, Calloway inali ndi 14, Pinckard 13. Njira inatsala imodzi: kumenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa milongoti, apeze mapointi atatu. Koma wogwirira mpirawo pansi kuti mnzake aumenye anali atatuluka, bondo litabinya.

Bambo Hargrove anayang'ana dokotala. Dokotala anagwedeza mutu kuvomera.

"Brantley! Kugwirira kokha, ndi dzanja lamanzere. Ukaponya ndikupha ndekha!"

Lucius anathamanga, anagwada, anaimika mpira. Phazi la mnzake linalira thii! Mpira unakwera, unapendeka pang'ono, n'kudutsa pakati penipeni.

16 kwa 14! Masewero asanu ndi anayi, osagonja ngakhale kamodzi! Malipenga a bandi analira, nkhalamba zinaponya zipewa m'mwamba, Bambo Hargrove anakhala pansi n'kulira ngati mwana.

Anzake anafuna kumunyamula, koma Lucius anawazemba n'kudutsa m'chigulu mpaka pamene panali Odessa.

"Dokotala akuti chaka chamawa ndiponyanso," anatero akupuma wefuwefu. "Ndinali chitsiru, duwa langa."

"Unali chitsiru zedi. Masabata onsewa ndikulira, anthu akundiloza chala, iwe uli duu!"

Lucius anagwada m'matope. "Lero ndagwada kale kamodzi ndipo zayenda bwino. Odessa, undilola ndikukwatire?"

"Unandinyozetsa pagulu. Usandipepese monong'ona."

Lucius anadzuka, analanda chokuzira mawu kwa mtsogoleri wa bandi, n'kukwera pabenchi.

"Anthu a ku Pinckard! Mkono uwu ulipo chifukwa cha Odessa Merriwether! Pamene tonse tinkaopa kugonja, wolimba mtima anali yekhayu. Amene munamuloza chala, muombereni m'manja, ndiyambe ine!"

Kenako m'manja munalira mbali zonse, ndipo anthu aja amene ankamunena ndi amene anaomba kwambiri.

Odessa anaimirira tsonga, misozi ikutsika, osaipukuta. Lucius atatsika pabenchi, anamuyang'ana mwamantha.

"Ndiye yankho, mtima wanga?"

"Eya, Lucius," anatero Odessa mokweza kuti onse amve. "Eya!"