Nyumba Zomera pa Nsalu ya Malemu Kalolaine

Patapita masiku awiri chiikireni Kalolaine m'manda, mng'ono wake Losaline anapeza nyumba yatsopano itajambulidwa pa nsalu imene malemuyo anaisiya yosatha. Ataikhudza ndi chala, utoto unamukanirira. Unali usanaume.

Nsaluyo inali ngatu, ya makungwa osasantha, yoyalidwa m'chisakasa cha amayi kuseri kwa tchalitchi. Anzake akamajambula nkhunda ndi maluwa monga mwa nthawi zonse, Kalolaine ankajambula nyumba za pakachilumba kawo kamene mafunde anakasesa zaka zisanu zapitazo, anthu n'kusamukira kuchilumba chachikulu cha Tongatapu. Nyumba iliyonse inali ndi khomo lake, thanki lake la madzi ndi mtengo umene unali pabwalo. Ankajambula akukukuta mano, ndipo ukamufunsa ankati, "Kuno tikukhala m'nyumba zofanana ngati mabokosi. Ine ndikufuna adzukulu adzaone pamene tinkayanika zovala." Matenda anamutenga zitatsala nyumba zinayi. Mulungu awusitse mzimu wake mumtendere.

Pamaliro mudzi umakhala duu. Palibe womenya makungwa kapena kukhudza utoto mpaka azakhali a malemu, amene mawu awo sabwezedwa, atamasula malirowo. Azakhaliwo anali a Seini, mlongo wa bambo awo a Losaline, nkhalamba ya lilime ngati lumo.

M'mawa wotsatira panamera nyumba yachiwiri. Kutchalitchi, potuluka m'mapemphero a m'bandakucha, amayi ankanong'onezana atavala zakuda ndi mikeka yachisoni m'chiuno. Wina anati mwamuna wake pochokera kunyanja anamva nyundo yamtengo ikulira m'chisakasamo, go, go, go, pang'onopang'ono ngati womenyayo watopa. Wina anati nkhumba zake, zimene zimagona m'tsinde mwa chisakasacho, zinathawira kumanda zikulira. Onse akalankhula ankaponya diso kwa Losaline.

A Seini anamuitanitsa pamaso pa amayi onse.

"Iwe Losaline, tandionetsa manja."

Losaline anakhala pansi monga mwa ulemu, nawatambasulira manja.

"Wasamba bwino, ochenjera inu! M'bale wako sanawole n'komwe, iwe uli kalikiliki ngati kuli ukwati. Ukufuna mudzi wonse uzinena kuti banja lathu silidziwa kulira?"

"Azakhali, chichokereni kuchilumba ine sindinagwirepo utoto, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa."

Onse ankachidziwa. Mwamuna wake Taniela anabwerera m'nyumba kukatenga ukonde pamene funde lachiwiri linkafika, ndipo sanapezeke. Kalolaine anamuchonderera kambirimbiri kuti nyumba imeneyo aijambule yekha, iye n'kumakana.

"Usandiyankhe!" anakalipa a Seini. "Ikaonekanso ina, nsaluyi ndiitentha onse akuona, ndipo iweyo m'gulu la amayi usadzapondemonso."

Losaline amati anabwerera kwawo mtima ukuwira ngati madzi a chinangwa. Anayesa kupemphera, koma maganizo anali pa nsalu ija. Ntchito ya zaka zitatu ya mkulu wake ipse, dzina lake liipe, chifukwa cha chimene sanachite! Tambala woyamba atalira anadzuka, nakabisala m'chisakasa kuseri kwa nsalu zokulunga.

Munali mdima wa bii, fungo la makungwa onyowa lili guu. Malata ankang'ung'udza ndi mphepo yochokera kunyanja. Kenako anamva mapazi okhwekhwereza, mkeka ukukhula pa zovala, ndi kupuma kwa munthu wa chifuwa. Tochi inayaka. Munthuyo anagwada movutikira, natsegula botolo la utoto, nayamba kujambula denga pa nsalu ya malemu, mzere uli njo.

"Azakhali!"

A Seini sanadzidzimuke kwambiri. Anangoti, "Tsitsa mawu, mwana iwe."

"Nditsitse mawu? Dzulo munandivula pamaso pa anthu, manja anga mukuwafufuza ngati a mbava, chonsecho anu ali bii! Mulibe manyazi, mayi wamkulu ngati inu?"

Kuyambira ubwana wake sanawalankhulepo chotero. Nkhalambayo inaika kaburashi pansi.

"Mkulu wako anajambula nyumba ya aliyense, ngakhale khola la nkhumba la abusa. Mzere wa nyumba za banja langa anausiya dala, chifukwa ndinamuuza kuti nsalu yake ndi yonyansa. Nyumba za ana anga awiri ndi yanga, kulibe! Ngati sitinakhaleko! Ndikamasula maliro, nsaluyi aikulunga kupita nayo kwa ana ake ku Auckland. Ndikafa ine, ndani adzadziwe kuti ndinali ndi mtengo wa mandimu pakhomo?"

"Ndiye munati muitentha?"

"Nditenthe nyumba yanga imene nyanja inaitenga kale? Ndimafuna amayi aja asayandikire kuno. Komanso iweyo sunayere. Utoto ndi ine, inde, koma kumenya makungwa mudzi ukulira? Mudzi wonse ukumva! Chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima."

"Ine sindinamenye kanthu."

"Usandinamize. Ine mkono uwu sungadzutse nyundo."

Anayang'anizana. Kenako a Seini anasuntha tochi kuti ayang'ane nyundoyo, ndipo kuwala kunagwera kumapeto kwa nsalu. Pamene panali poyera dzulo lake panali nyumba yachinayi, utoto uli nyezinyezi. Inali ndi khonde lopendekeka, thanki lachigamba, ndi ukonde wopachika pa msomali. Chitseko chake chinali chotsekula.

"Iyi ndiye wajambula bwino," ananong'ona a Seini, mawu akuuma. "Nena kuti ndiwe."

Losaline anangopukusa mutu. Inali nyumba yake ija, ndipo sanauzepo munthu aliyense kuti ukondewo unali pamsomali wa pakhonde, osati m'nyumba mmene Taniela anakaufunafuna. Ankadziwa iye yekha, chifukwa anaupachikapo ndi iye.

Kuseri kwawo, kumene kunagona chipika chomenyerapo makungwa, kunamveka go. Kenako go, go. Tochi inapita komweko: chipika chokha, nyundo ili pambali pake, fumbi lili mbuu. Amayi awiriwo anagwirana manja nayamba Pemphero la Ambuye, ndipo asanafike pakati belu la tchalitchi linalira.

M'mawa womwewo a Seini anamasula maliro, naulula za nyumba zitatu pamaso pa amayi onse, nayeretsa dzina la mwana wa mlongo wawo. Za yachinayi sananenepo kanthu. Anthu atabalalika, Losaline anatola kaburashi kaja, koyamba m'zaka zisanu, nagwada pansaluyo. Amati sanalire. Anali ndi mkwiyo wokhawokha, kukwiyira nyanja, kukwiyira mkulu wake, kudzikwiyira yekha. Anaviika mu utoto, natseka chitseko chija.

Nsaluyo anakaniza kuti isapite ku Auckland. Ili kwake, ndipo m'mawa uliwonse, asanapite kumapemphero, amaifunyulula kumapeto kukaona ngati chitsekocho chidakali chotseka.