Zithunzi za Woimba pa Tebulo la Bambo

Anati dzina lake ndi Zatuluka, ndipo ankafuna zithunzi.

Anafika pa shopu yathu yokonza mafoni bambo atachokapo. Anapeza achimwene ali pa tebulo, ine ndikusesa. Ine sanandione n'komwe.

"Aise, ndamva kuti woimba wa pa TV uja amakonzetsa foni pano," anatero. "Ikadzabwera, udzangosuzumiramo. Tsamba langa la pa intaneti lili ndi njala."

"Madala angandiphe," achimwene anayankha akuseka.

"Madala akowo amera imvi akukonza mafoni. Ali ndi galimoto? Kapena iwe ndiwe m'busa?"

Kwathu kunali kwabwino. Bambo ankatipempherera m'mawa uliwonse, ndipo pa shopu anali ndi lamulo limodzi. Mwini foni ankalemba nambala yotsegulira pa kapepala, ife n'kumata kuseri kwa foniyo kuti tiyesere sikirini yatsopano. Bambo ankati, "Muziyesa poimbira pokha. Munthu watipatsa kiyi kuti tikonze chitseko, osati tilowe kuchipinda."

Woimbayo anabweradi, sikirini itasweka. Ataona kuti ndikuchita manyazi kumuyang'ana, anayamikira diresi langa n'kufunsa amene anasoka. Kenako analemba nambala yake pa kapepala, osakayika chilichonse.

Posakhalitsa achimwene anabwera kunyumba ndi nsapato zatsopano.

"Zachokera kuti izi, mwanangu?" mayi anafunsa.

"Timaganyu tapambali, amayi."

"Ganyu wobisira bambo ako? Zibweze kumene wazitenga."

Achimwene anangolowa kuchipinda akuimba mluzu.

Zithunzi zamseri zimene mayi woimba uja anadzijambula kuti aone mwamuna wake yekha zinafika pa foni ya aliyense. M'basi anthu ankaonetsana, akuseka. Ena ankati, "Nanga iyeyo ankajambuliranji?" ngati kuti wakuba akathyola nyumba, wolakwa ndi mwini katundu. Makampani anamuchotsa pa zikwangwani. Mwana wake wamkazi anasiya kupita kusukulu chifukwa anzake ankamulozera zithunzi za mayi ake. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Achimwene ankadziona ochenjera. Poopa kuti kutumiza zithunzizo kungasiye chizindikiro, anangoika foni ya woimbayo pa tebulo n'kujambula sikirini ndi foni yawo. M'mphepete mwa chithunzi chilichonse munkaoneka mphira wobiriwira woyala pa tebulo la bambo, wopsa pakona ndi chowotcherera. Aliyense amene anakonzetsapo foni kwathu anauzindikira.

Apolisi atafika, achimwene anaimbira Zatuluka.

"Ndani? Mwalakwitsa nambala, bwana," anatero, n'kudula.

Bambo sanakweze mawu. "Ndinakupatsa tebulo langa, iwe n'kuvulirapo mwana wa eni."

"Ine ndinangojambula, bambo. Wafalitsa ndi uja."

"Nanga nambala anasiyira ndani?"

Apolisi anawatenga achimwene. Tsiku lomwelo anthu anayamba kubwera kudzatenga mafoni awo, ena osakonza n'komwe. Shopu inatsekedwa. Achimwene ali kundende, ndipo Zatuluka anangosintha dzina la tsamba lake.

Anzanga, chinsinsi cha munthu sichisanduka chanu chifukwa chafika m'manja mwanu. Kutchuka kwake sikukupatsani ufulu womuchititsa manyazi. Wojambula, wogula, ndi inu amene munangotumizira mnzanu mukuseka, tchimo lanu ndi limodzi, ndipo limagwetsa ndi osalakwa omwe.

Tsiku la chigamulo woimbayo sanabwere kukhoti. Kunabwera achemwali ake. Bambo anadikira kuti anthu atuluke, kenako anavula chipewa n'kuwapatsa envelopu. Munali ndalama imene woimbayo analipira pokonzetsa sikirini.

"Mukawapatse, mayi," anatero chapansipansi. "Ntchito ija sitinaigwire bwino."

Anavalanso chipewa, ndipo tinapita kukakwera basi.