Mbozi za Isake

Amene anakulira kufupi ndi Chinakanaka amamukumbukirabe Anesi, mkazi wa Isake. Mwana akayamba chifuwa, amake ankathamangira kwa iye, ndipo mphika wake wa nimu, mandimu ndi jinja sunkachoka pamoto. Sankalipiritsa munthu. Nyumba yawo inkadontha.

Isake ankaweta mbozi za silika m'kashedi kuseri kwa nyumba, n'kumazidyetsa masamba a mabulosi. Zake zinkafa zisanaluke zikwa, pomwe Vincent, woyandikana naye, anali atakhoma malata ndi ulimi womwewo. Malatawo akang'anima masana, Isake chakudya sichinkamulowa.

Tsiku lina anapalasa njinga kupitirira Limbuli, kwa sing'anga wina wa mano ofiira.

"Mbozi zako zili ndi njala," anatero sing'angayo. "Masamba okha sizingakhute."

"Ndizipatse chiyani, agogo?"

"Uziyala masamba kunsi kwa mphasa ya mkazi wako. Akagonera, uzikazidyetsa. Koma akadwala asalawe mankhwala. Chowawa chikalowa mwa iye, chalowanso mwa mbozi."

"Nanga iyeyo zimuthera bwanji?"

Sing'anga anaseka. "Wadzera mkazi kapena chuma?"

Isake anachita zomwezo. Mbozi zinanenepa ngati zala za munthu wotupa, zonyezimira mafuta, ndipo kutafuna kwake kunkamveka mpaka pabwalo ngati mvula yowaza. Zikwa zinasefukira m'madengu. Poziwiritsa kuti ulusi umasuke, madzi ankafiira, fungo lake la chilonda chonyeka. Ogula sankafunsa. Malata anafika, kenako njinga yamoto.

Anesi ankangotha ngati sopo. M'mawa wina anakwawira kukhitchini n'kutereka mphika wake wa nimu. Isake anaugubuduza ndi phazi, nusweka.

"Abambo, ndachiza ana a mudzi wonse uno. Ine ndife mankhwala ali pakhomo?"

"Utsi wanuwo ukundiphera mbozi," anayankha, maso ali kumbali.

Abale a Anesi atabwera kuti apite naye kuchipatala ku Mishoni, Isake anawabweza panjira. Anesi anamwalira. Amayi osambitsa maliro anapeza masamba ofota atamatirira kumsana kwake, mmodzi anathamangira panja kukasanza.

Koma mbozi njala sinazithere. Masamba wamba zinakana. Zinayamba kutuluka m'shedi, kukwawa m'makoma, kugwera mumtsuko wa madzi akumwa. Pakhomo panalibenso wina wogonera masamba. Isake anawayala kunsi kwa mphasa yake, amvekere kamodzi kokha.

Fungo litafika kwa Vincent, anabwera n'kuthyola chitseko. Anamupeza Isake atakulungidwa ndi ulusi woyera kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, maso ali tong'o, mbozi zikulowa ndi kutuluka m'kamwa. Anali akupumabe.

"Anesi," ankanong'ona, "terekani nimu."

Dzuwa lisanalowe anatsirizika.

Chuma cha chizimba sichikhuta, abale. Chikamaliza amene wachipatsa, chimatembenukira iwe mwini. Malata amagulidwa m'sitolo, koma mkazi wokuterekera mankhwala ukadwala sapezeka kawiri. Funsani amene anaika wake m'manda.